Bongo yanga ikunyowa mkati, a MOT anenanso za dzimbiri. Ndiyambire pati?

Bambo a Tadala, Nottingham
Akuluakulu ndi amayi a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Mazda Bongo Friendee ya 1998, ya dizilo, ija denga lake limadzuka n'kukhala tenti. Amene anandigulitsa anaikamo kale kabati, sinki ndi kachitofu ka gasi kumbuyo. Mvula ikagwa usiku, kapeti ya kutsogolo mbali ya pasenjala imacha ili chonyowa, magalasi onse atachita thukuta mkati. Fungo lake ana ayamba kukana kukwera. Mwezi watha yakhoza MOT, mayeso a galimoto a chaka ndi chaka kuno ku UK, koma pa pepala alembapo ma advisory (machenjezo) awiri: dzimbiri pa ma sill, zitsulo za m'munsi mwa zitseko, mbali zonse, ndi pamwamba pa matayala akumbuyo. Ndikuganiza zogula silikoni ndimate m'mphepete mwa galasi ndi denga monse, kenako ndipake underseal, phala lakuda lija loteteza ku dzimbiri, kunsi konse chisanu chisanafike. Alipo anayesapo zimenezi?

aMbewe, Leicester
Achimwene, silikoniyo musagule kaye, underseal yonso ayi. Ine ntchito yanga ndi kuwotcherera magalimoto, ndipo ambiri amene amandipatsa ndalama ndi anthu amene anayamba ndi zinthu ziwiri mwatchulazo.

Choyamba tidziwe ngati madziwo ndi a mvuladi. Tengani tishu yoyera musindikize pa kapetiyo. Ikatuluka ndi mtundu wofiirira, wobiriwira kapena wabuluu, ikuterera m'zala, ikununkhira ngati zotsekemera, amenewo ndi madzi a mu injini ochokera ku hita. Osalawa, ndi poizoni. Yang'ananinso kathanki ka madzi injini itazizira, muike chizindikiro ndi cholembera, muone ngati akutsika. Ndikulimbikira apa chifukwa Bongo injini yake ili pansi pa mipando, rediyeta ili kutsogolo, kumbuyo kulinso hita ina, ndiye mapaipi ake ndi aatali, ena achitsulo odutsa kunsi kumene kumafika mchere. Ikataya madzi inu osadziwa, injini imatentha n'kung'alula hedi. Kapeti yonyowa ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi imeneyo.

Tishu ikatuluka yoyera, tsegulani boneti muyang'ane pansi pa mawaipa. Pali kangalande kolandira madzi otsika pa galasi, pakati pake pali kabowo ndi kapaipi kotayira pansi. Masamba ndi fumbi zikatseka pamenepo, madzi amadzadza n'kusefukira kumene fani ya hita imakokera mpweya. Mumaimika pansi pa mtengo?

Bambo a Tadala, Nottingham
Eya, pansi pa mtengo weniweni, msewu wathu malo ena oimika kulibe. Faninso masiku ano ikumalira mwachilendo ndikaiyatsa.

aMbewe, Leicester
Ndiye yambani pamenepo. Waya wofewa ndi botolo la madzi ofunda, basi. Ndalama sizilowapo.

Yamie, Manchester
Ankolo gulitsani chinthucho chisanakudyereni mapaundi. Galimoto ya 1998 ya dizilo, ku London mukangolowa mu ULEZ, dera lolipiritsa magalimoto a utsi wambiri, ndi £12.50 pa tsiku. Ndalama zowotcherera mukanapita nazo ku Mangochi pa ndege.

Nachisale, Glasgow
Yamie, mwana iwe, munthu wafunsa za kudontha. Ukadzakhala ndi ana atatu n'kufunsa mtengo wa hotela ku Lake District mu August, udzatifunafuna.

Bambo a Tadala, ine yanga ndi ya mtundu wina, Fiat Ducato yomangidwa kanyumba kumbuyo, zija makoma ake mkati muli timatabwa. Zathuzi madzi akalowa siziwonetsa dzimbiri, zimawola mwakachetechete, umangoona khoma lafewa ukalidina ndi chala. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pamene madzi akuonekera nthawi zambiri si pamene alowera. Amatha kulowa pa kawindo ka padenga, n'kuyenda mkati mwa siling'i, n'kukatulukira pa kona ya kumbuyo. Ndiye mukamata monse simudziwa chimene mwakonza, ndipo mwina mwatseka potulukira m'malo mwa polowera.

Chitani chonchi tsiku louma. Wina akhale mkati ndi tochi, mutachotsa mamati ndi kuyala manyuzi pansi. Wina kunja ndi paipi ya madzi, osati ya mphamvu ija ya ku car wash, madzi ongoyenderera ngati mvula. Yambirani m'munsi: zitseko, kenako mawindo, kenako galasi la kutsogolo, denga pomaliza. Malo aliwonse mudikirepo ndithu musanakwere. Mukayamba ndi denga madzi atsikira paliponse, simudziwa kanthu. Pa labala wa zitseko wazanipo paudala wa ana, pamene madzi adutsa pamatsala kanjira.

Gulaninso kamita koyezera chinyontho ka timano tiwiri, n'kotchipa. Oyeza ma motorhome kuno amati pansi pa 15% palibe nkhawa, pakati pa 15 ndi 20 muziyang'anira, kupitirira 20 fufuzani, kukafika ku 30 thabwa layamba kuwonongeka. Pa chitsulo sikagwira ntchito, koma pa pulayiwudi ya pansi ndi kuseri kwa kabati kakuuzani zoona.

Ankolo Gama, Area 25
Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Koma inu a kunja mumakonda kuvutitsa zinthu. Kuno ma Bongo akunyamula anthu tsiku ndi tsiku, ena aakulu kuposa yanuyo, kunsi kuli gwa. Tengani oyilo wakutha, uja mwakhetsa mu injini, mupake ndi bulashi kunsi konse. Fumbi likagwirapo ndiye chikopa chimenecho. Ine pikapu yanga sinaonepo dzimbiri.

aMbewe, Leicester
Ankolo, ulemu wanu, koma pikapu yanuyo ikutetezedwa ndi Lilongwe, osati oyilo. Kwanuko mvula ikatha mu April galimoto imauma mpaka November. Kuno kuyambira October mpaka March msewu suuma, ndipo usiku uliwonse wozizira magalimoto a khonsolo amawaza mchere kuti msewu usaterere. Mcherewo wambiri amakumba ku Winsford, ku Cheshire. Madzi a mchere amafulumizitsa dzimbiri, komanso mchere umakoka chinyezi, ndiye matope amene akanirira mu madigadi amakhala onyowa ngakhale tsiku lopanda mvula. Ma Friendee amenewa anapangidwira msika wa ku Japan, kuyambira 1995 mpaka 2005, kuno anabwera ogwiritsidwa kale ntchito, ambiri opanda chitetezo chokwanira mchere wa kuno. Amene anawapaka mankhwala atangotsika m'sitima ndi amene ali bwino lero. Yang'anani malole amene amachoka kuno kubwera kwanuko, muone kunsi kwake, muyerekeze ndi galimoto zochokera ku Japan molunjika.

Za oyilo, zoona zake amathandizako pang'ono, sindikana. Koma oyilo wakutha amafufumitsa malabala a mabushi, amatha kufika pa mabuleki, ndipo mvula ya kuno imamutsukira mu ngalande za mumsewu. Aneba akaona madontho akuda pa msewu nkhani yake siitha bwino.

Ankolo Gama, Area 25
Kuthira mchere mumsewu! Ife kuno tikuugula pa kasupuni. Chabwino, ndakhala chete, koma ndikuwerenga.

Kondwani, Coventry
Ine nditsutsanako ndi aMbewe pa underseal. Transit yanga ndinaigula itapakidwa kale yakudayo, MOT imakhoza bwinobwino, kunsi kukuoneka ngati yatsopano. Vuto lili pati?

aMbewe, Leicester
Kondwani, ngati anapaka pa chitsulo choyera, chouma, galimoto ili yatsopano, palibe vuto, imateteza ku miyala ndithu. Vuto ndi kupaka pamwamba pa dzimbiri. Yakuda ya phula ija ikakalamba imauma n'kuchita ming'alu yosaoneka. Madzi a mchere amalowa pa mng'alu, kutuluka osatuluka, chitsulo chikudyeka kuseri, kunja kukuoneka bwino. Tsiku lina umangokoka kachidutswa n'kutsika chigamba chonse pamodzi ndi chitsulo chake.

Tengani sikuludiraiva ya mutu wofwafwatala, mugogode ndi chogwirira chake m'ma sill, pamalo oikapo jeke, ndi pamene pamangidwa masipuling'i akumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka chimangoti phu. Pamene underseal yatukuka ngati thuza, kandanipo muone. Ine galimoto yogulitsa ikakhala yopakidwa kumene yakuda kunsi, ndimayamba ndafunsa kuti akubisa chiyani.

Nachisale, Glasgow
Kuntchito kwathu tinganene kuti ndi kumanga bandeji pa chilonda chosatsuka. Kunja kuli mbee, mkati mafinya.

Kondwani, Coventry
Mwandiopseza. Loweruka ndilowa kunsi.

aMbewe, Leicester
Pa ma axle stand, timiyendo tachitsulo tochirikiza galimoto, chonde, osati pa jeke yekha. Pa galimoto yadzimbiri jeke amatha kuboola pamene mwamuika.

Che Jafali, Cape Town
Moni nonse. Ine ndili ndi Microbus, zija Volkswagen inkapanga ku Uitenhage, kumene pano akuti Kariega. Kuno anapitiriza kuzipanga mpaka 2002, ku Germany atasiya kalekale. Mumsewu mwathu sathira mchere, koma mphepo ya kunyanja imaubweretsa wokha, ndipo mvula yathu imagwa nthawi yozizira ngati kwanuko. Ogula kuno amafunafuna galimoto ya ku Gauteng kapena Free State chifukwa kumeneko n'kouma.

Pa zathuzi dzimbiri limayambira m'misoko, pamene mapanelo awiri akumana, ndi pansi pa labala wa galasi la kutsogolo. Ukaona katuza kamodzi pa penti pafupi ndi labala, dziwa kuti pansi pake ntchito yayamba kale, chifukwa madzi amakhala m'kati mwa labalamo. Kukonza kwake kulibe chidule: galasi lichoke, mupale mpaka chitsulo chiwale, pobooka awotcherere, pulaimala, penti, labala watsopano. Ndaona anthu akufinyira silikoni pansi pa labala. Chaka chisanathe pamatuluka mzere wofiira kutsika pa penti.

Bambo a Tadala, silikoni wa ku bafa mukamufinya amanunkha viniga, eti? Ndi asidi ameneyo, amatuluka pamene akuuma, ndipo pa chitsulo chokalika amayambitsa dzimbiri. Chachiwiri, penti sagwira pa silikoni, ngakhale chomatira china sichigwira pamene iye anakhalapo. Wodzakonza pambuyo panu amayamba ndi tsiku lathunthu lopala.

Bambo a Tadala, Nottingham
Zikomo Che Jafali. Nanga pofunikadi kumata, timata ndi chiyani?

Nachisale, Glasgow
Zimatengera ngati chinthucho mudzafuna kuchichotsanso. Kawindo ka padenga, ma vent, njanji ya awning (lona wa mthunzi wa pambali), zonse zomangidwa ndi masikuluu, pansi pake pamafunika chomatira chosauma, tepi ya butyl kapena mastic ya ma caravan. Imakhala yofewa zaka zambiri, galimoto ikamagwedezeka iyo imatsatira. Zomata mpaka kalekale, ngati mabulaketi a sola, ndiye Sikaflex kapena zofanana naye. Amene uja akagwira wagwira, kuchotsa kwake ndi mpeni ndi waya.

Koma chachikulu n'chakuti chomatira chimagwira ntchito pakati pa zinthu ziwiri, osati pamwamba. Kawindo kakamadontha, kamasuleni kachoke, palani zakale zonse, pukutani ndi sipiriti, ikani tepi yatsopano, bwezerani, mumange masikuluu mosinthanasinthana mpaka tepi itatuluka pang'ono m'mbali monse. Kuzunguliza mzere wa chomatira pamwamba kumagwira miyezi yochepa, kenako kumasanduka kadamu kosunga madzi pamalo omwewo. Timing'alu tating'ono kwambiri, pali Captain Tolley's, ndi yamadzimadzi, imalowa yokha mu mng'alu. Yokufikitsani ku chilimwe, osati yokonzeratu.

aMbewe, Leicester
Ndiwonjezere pa za achemwali. Aliyense woboola denga kapena khoma, kaya ndi sola, kaya soketi ya magetsi, achite ziwiri. Apake pulaimala m'mphepete mwa bowolo asanaike kanthu. Ndipo asese tizitsulo totuluka pobowola, ndi vakyumu kapena maginito. Tikatsala padenga, mvula imodzi yokha denga lonse limachita timadontho tofiira tolowa mu penti. Tikagwera mkati mwa khoma ndiye mbewu ya dzimbiri.

Amake Chisomo, Luton
Ine funso langa ndi la thukuta la magalasi lija. Yathu ndi Hiace, sidontha paliponse, abambo akunyumba anayesa ndi paipi. Koma tikagonamo, m'mawa madzi amachita kuyenderera pa magalasi, matiresi kunsi kwake kunyowa, m'makona mwayamba chuku. Timatseka mawindo onse chifukwa cha kuzizira, ndipo timayatsa kahita ka gasi tisanagone.

Nachisale, Glasgow
Amake Chisomo, kahitako musakayatsenso mkati, ndikupemphani. Ndisanafike ku chinyezi, ndinene za moyo. Chilichonse choyaka m'malo otsekeka chimatha kutulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, munthu amangogona osadzukanso. Chimodzimodzi kambaula kootchera nyama, ngakhale makala akuoneka ngati azima, kasalowe mu galimoto kapena mu tenti. Alamu ya mpweya umenewu ikhale m'galimoto muliponse mogona anthu.

Tsono madzi anuwo mukupanga nokha. Gasi akamayaka amatulutsa nthunzi: kilogalamu imodzi ya propane imapereka madzi opitirira lita imodzi ndi theka. Onjezani mpweya wa anthu anayi usiku wonse, ketulo, mpunga pa chitofu, majekete onyowa. Nthunzi yonseyo ikakhudza chitsulo chozizira imasanduka madzi. A pa galasi mumawaona n'kupukuta. A kuseri kwa mapanelo simuwaona, amatsika mkati mwa khoma n'kukakhala pansi pa msoko. N'chifukwa chake ma camper ambiri amadyeka kuchokera mkati kuposa maveni a katundu a zaka zomwezo.

Mankhwala ake ndi mpweya. Mawindo awiri otsegula pang'ono, kukula kwa chala, limodzi kutsogolo lina kumbuyo kapena padenga. Kumazizirako pang'ono, bulangete lina limakonza zimenezo. Pophika tsegulani chitseko. M'mawa dzutsani matiresi. Ngati thumba likulola, hita ya dizilo ya mtundu wa Webasto kapena Eberspächer imayakira m'kabokosi kotsekeka, utsi ndi nthunzi zimatulukira kunsi, mkati mumangolowa mpweya wouma. Ziliponso zotchipa zochokera ku China, koma woika akhale wodziwa, paipi ya utsi isathere pansi pa windo.

Amake Chisomo, Luton
Mayi, mwatipulumutsa. Ndawawerengera abambo, alamu tiyitanitsa lero.

Che Jafali, Cape Town
Pa nkhani yomweyo, onani zimene anaika m'makoma. Ena amaika ubweya wagalasi uja wa m'madenga a nyumba. Umamwa madzi n'kukhala chonyowa chogundana ndi chitsulo. Ena amapopera thovu lofufuma m'ma sill, lomwe limatseka mabowo otayira madzi. Zitseko ndi ma sill zili ndi timabowo m'munsi, anatiika dala. Muzitiboola ndi kawaya kawirikawiri. Mukatsegula chitseko n'kumva madzi akukhuvula mkati, tatsekeka.

Bambo a Tadala, Nottingham
Ndabweranso ndi lipoti. Tishu inatuluka yoyera, madzi a injini sakutsika. Kabowo ka pansi pa mawaipa kanali kotsekeratu, munatuluka matope akuda onunkha ndi timbewu ta mtengo uja. Nditathira madzi anatsika bwinobwino pansi pa galimoto. Mvula yagwa dzulo, kutsogolo sikunalowe kanthu, ngakhale siponji ya pansi pa kapeti idakali yonyowa.

Koma tapeza zina. Poyesa ndi paipi, mayi a Tadala ali mkati, anaona madzi akutuluka pansi pa kabati, kona ya kumbuyo kumanja, pamene ndimathira pa tayala, denga ndisanalifike n'komwe. Ndinachotsa kapanelo ka mkati. Kuseri kwake kuli ubweya wachikasu uja Che Jafali amanena, wonyowa ngati chinkhupule, ndipo pansi pake pali bowo lolowa zala ziwiri, ndikuona tayala. Kunja pamalo omwewo penti ali bwinobwino, kupatula timatuza titatu.

aMbewe, Leicester
Ndimayembekezera zimenezo. Pamwamba pa tayala la kumbuyo pali zitsulo ziwiri, chamkati ndi chakunja, zokumana pa mlomo uja wopindikira mkati. Matope amakhala pa mlomowo, chinyezi cha mkati chimatsikiranso pomwepo, ndiye chimadyeka mbali ziwiri. Timatuza ta kunja timabwera pomaliza.

Tengani kamaginito ka pa fuliji, kofooka, mukakulunge m'kansalu, muyendetse kuzungulira pamenepo ndi m'ma sill. Pamene sikakugwira pali fila, phala lija amamata pobooka asanapente. Ndiuzeni.

Bambo a Tadala, Nottingham
Kumanja sikakugwira pafupifupi theka lonse la pamwamba pa tayala. Kumanzere kakugwira.

Yamie, Manchester
Ndinanena ine.

Nachisale, Glasgow
Yamie, kaphike nsima.

aMbewe, Leicester
Si imfa imeneyo. Wina anamata fila kuti agulitse, zimachitika tsiku ndi tsiku. Mapanelo okonzera malo amenewo pa Bongo amagulitsidwa kuno, amkati ndi akunja, ndi a ma sill omwe, chifukwa eni ake ndi ambiri.

Ndikufotokozereni za MOT kuti mudziwe pamene mwaima. Woyesa sada nkhawa ndi dzimbiri la pamwamba. Amayang'ana chitsulo chonyamula katundu chimene chili mkati mwa masentimita 30 kuchokera pomangira sasipenshoni, chiwongolero, mabuleki kapena malamba a mipando. Amadina ndi chala, akakayika amagogoda ndi kahamala kake. Pakabooka kapena kufewa m'dera limenelo, yalephera. Ndipo chigamba cha pamalo otero chimayenera kuwotchereredwa mzere wonse kuzungulira. Fila, ma rivet kapena faibagalasi sizivomerezeka. Bowo lanulo yezani kutalika kwake kuchokera pa bawuti ya lamba wa mpando wakumbuyo. Ngati lili pafupi, musadikire MOT yotsatira, pakuti ana anu amamanga lamba ameneyo. Lowaninso pa gov.uk mulembe nambala ya galimoto, mbiri ya MOT ndi yaulere. Muona chaka chimene advisory ya dzimbiri inayamba, ndi chaka chimene inasowa mwadzidzidzi. Chaka chimenecho ndi cha fila.

Dongosolo la ntchito ndi ili, ndipo musalisinthanitse. Ubweya wonse uchoke, mkati muume. Tsukani kunsi bwinobwino, makamaka kuseri kwa milomo ya madigadi, muisiye iume masiku angapo pansi pa denga. Zowola zidulidwe mpaka pa chitsulo chabwino, osati kuika chigamba pamwamba pa zowolazo. Owotcherera ena amachita zimenezo chifukwa n'zachangu, ndipo pakati pa zitsulo ziwirizo ndi pamene dzimbiri limakondwera. Muwauze kuti mukufuna zithunzi atadula, asanatseke. Dzimbiri la pamwamba lokha, bulashi ya waya, kenako mankhwala osandutsa dzimbiri kukhala lakuda, kenako pulaimala ya zinc kapena epoxy, chomatira misoko, penti. Pomaliza penipeni ndiye phula lofewa la m'mabowo, osati underseal yakuda ija, koma Dinitrol, Dynax S50 kapena Waxoyl, lopopera ndi kapaipi kakatali kolowa mkati mwa ma sill, m'zitseko, m'mizati ndi mu chasisi. Litenthetseni kaye poika chitini m'madzi ofunda kuti lilowe m'misoko. Mukatha, boolaninso timabowo totayira madzi, chifukwa phulalo limatitseka.

Chifukwa chake phula lili pomaliza n'chakuti limayaka. Mukapopera lero n'kubwera kwa ine mawa, ndikayatsa moto mkati mwa sill momwe sindingathe kuuzimitsa.

Kondwani, Coventry
Ndinalowa kunsi kuja. Malo ambiri kuli bwino, koma pafupi ndi sitepe ya chitseko cha dalaivala sikuludiraiva inalowa yonse. AMbewe ndikuyimbirani. Funso: bwanji za mafuta a ubweya wa nkhosa aja, Lanoguard? Anzanga kuntchito akuwatama.

aMbewe, Leicester
Ubwino wake ndi oonekera, chitsulo umachiona, palibe chobisika, ndipo munthu amatha kupopera yekha pakhomo. Koma pamalo pomenyedwa ndi madzi a matayala amatha msanga, ndiye ndi ntchito ya chaka ndi chaka chisanu chisanayambe. Ine mkati mwa mabowo ndimakhulupirira phula. Kunja, pa chasisi ndi ma axle, a nkhosawo ali bwino kwa munthu wosaiwala.

Che Jafali, Cape Town
Ine ndimagwiritsa a nkhosa ngakhale mkati mwa zitseko, sindinaone vuto. Fungo lokha, masiku oyamba galimoto imanunkha khola.

aMbewe, Leicester
Kwanuko mwina, Che Jafali. Pa M1 ya kuno ku England mu January tidzakambirananso.

Amake Chisomo, Luton
Nanga kuiphimba ndi lona nthawi yachisanu? Yathu imangokhala kuyambira November.

Nachisale, Glasgow
Lona wapulasitiki ayi, amasunga chinyezi ndipo mphepo ikamamukupiza amakala penti. Chophimba chikhale chopuma, apo ayi isiyeni poyera. Musaimike pa kapinga, chinyezi cha pansi chimakwera. Ngati mungathe, imikani mopendekeka pang'ono kuti madzi asaime padenga. Makushoni ndi zofunda zilowe m'nyumba, makabati akhale otsegula. Ndipo khetsani madzi onse: thanki, pampu, mipope ikhale yotsegula. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9%, amang'amba cholumikizira kuseri kwa kabati, inu mudzadziwa mu April pansi pataola. Muziitulutsa nthawi ndi nthawi tsiku louma, iyende mpaka itenthe bwino, hita ili yoyatsa. Mukayenda pa msewu wa mchere, tsukani kunsi pobwera.

Bambo a Tadala, tenti ya padenga lanu musamaitseke yonyowa. Mukakakamizika chifukwa cha mvula, mukafika kunyumba idzutseninso iume. Labala wozungulira dengalo mupukute, muone ngati sanaphwanyike m'makona.

Ankolo Gama, Area 25
Ndawerenga zonse. Galimoto ya kwanuko ikusamalidwa kuposa ine. Ikakukanikani itumizeni kuno ipume, ndiiyika pa Lilongwe–Salima.

Bambo a Tadala, Nottingham
Ankolo, mipando ina inachotsedwa, mudzakweza anthu pa sinki? AMbewe, ndayeza. Kuchokera pa bowo kufika pa bawuti ya lamba ndi masentimita 22. Ana sakhalanso kumbuyo mpaka itakonzedwa. Ndingabwere nayo liti, ndipo ndikonzekere chiyani?

aMbewe, Leicester
Sabata ya mawa Loweruka m'mawa, adiresi ndikutumizirani kumbali. Kabati ya kumanja muchotseretu kunyumba, masikuluu muike m'kabotolo, mawaya muwajambule musanamasule. Silinda ya gasi itsale. Batire yachiwiri ija ya magetsi a kumbuyo muimasule, kapeti muipinde mpaka pakati, ubweya wachikasu uchoke mbali zonse ziwiri, muvale magolovesi ndi chotseka pakamwa pouchotsa. Kumanzere ndikagogodanso ndekha, maginito sanena za chitsulo chamkati. Mapanelo musagule kaye mpaka nditadula ndione pamene chitsulo chabwino chayambira.